Pulogalamu Yowerenga Zolemba Pamanja Iyambe Yayesedwa ndi Mayina Athu

Awa ndi mawu amene mlembi wa komiti ya chitukuko ya dera la Mfumu Yaikulu Maseya anayankhula pamsonkhano wa komitiyo. Tawasindikiza kuti nanunso amene simunafike mumve, ndipo muikepo maganizo anu kudzera m'makomiti a m'midzi mwanu.

 

Mutu umene a wapampando andipatsa ndi uwu: popeza alembi athu ambiri tsopano ali ndi mafoni amakono, ndipo mabungwe ena amabwera ndi matabuleti, kodi tingasankhe bwanji pulogalamu yoti iziwerenga zimene munthu walemba pamanja n'kuzisandutsa zilembo za pa kompyuta? Ndikudziwa kuti ena mwa inu akuluakulu mukuti imeneyo ndi nkhani ya ana a sukulu. Ndikupempheni mutchere khutu pang'ono, pakuti chimene pulogalamuyo idzawerenge ndi dzina lanu, nambala ya chiphaso chanu, kukula kwa munda wanu ndiponso ndalama zimene mwasunga ku banki m'khonde.

Mundilole ndiulule mlandu wanga. Mu Januwale 2022, atadutsa namondwe wa Ana, uja anaononga malo opangira magetsi a Kapichira ndi kudula msewu wa M1, ndinali mmodzi mwa olemba mayina a mabanja amene madzi anawalanda katundu. Tinkalemba titakhala pansi, kope lili pabondo, mapepala atanyowa, anthu atatizungulira aliyense akufuna kutchula dzina lake. Makopewo anatengedwa kukakoperedwa pa kompyuta. Tsiku logawa thandizo litafika, agogo ena aakazi a m'mudzi woyandikana ndi wathu anakhala pamzere kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, koma dzina lawo silinaitanidwe. Titafufuza tinapeza kuti dzinalo linalipo ndithu, koma chilembo chimodzi chinali chitasintha, ndipo pa nambala ya chiphaso panali 7 pamene panayenera kukhala 1. Wokopera uja sanachite dala; anawerenga chimene dzanja langa linaoneka ngati lalemba. Agogowo anabwerera chimanjamanja pamodzi ndi zidzukulu zawo ziwiri, ndipo kukonza cholakwacho kunatenga masabata. Kuyambira tsiku limenelo ndimaopa chilembo chimodzi kuposa mmene ndimaopera ng'ona ya mu Shire, pakuti ng'ona tonse timadziwa kumene imakhala.

Tsopano ntchito yokopera ija tikufuna kuipereka kwa makina. Funso limene tiyenera kudzifunsa ndi lakuti makinawo akalakwitsa, monga munthu amalakwitsira, kodi ife tidzadziwa?

Makina si mlendo kuno

Kompyuta za m'manja zinafika kale m'midzi mwathu. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau linatilemba m'kaundula wa unzika ndi makina ojambula nkhope ndi zidindo za zala, ndipo Amalawi oposa 9 miliyoni analembetsa. Mu 2018, pa kalembera wa anthu ndi nyumba, owerenga anayenda ndi matabuleti m'malo mwa mitolo ya mapepala, ndipo boma lathu la Chikwawa linapezeka ndi anthu oposa 560,000. Olemba kaundula wa mabanja, amene amathandiza posankha olandira Mtukula Pakhomo, amabweranso ndi matabuleti. Kuyambira mu 2020 ogulitsa zipangizo zaulimi zotsika mtengo akhala akujambula chiphaso cha unzika ndi foni. Alangizi a zaumoyo nawonso amatumiza malipoti ena pa foni.

Komabe chuma chenicheni cha mbiri ya mudzi chidakali m'makope. Kaundula wa a nyakwawa ndi wolemba pamanja. Mabuku a banki m'khonde, zokambirana za makomiti a chitukuko, zopereka za pa mjigo, mndandanda wa ana a ku sukulu ya mkomba phala, zonsezi ndi zolemba pamanja. Alimi a nzimbe a ku Phata ndi ku Kasinthula akudziwa kufunika kwa dzina lolondola pa gawo la munthu. Ndipo pamene ntchito ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme ikupititsa patsogolo kulembetsa malo motsata lamulo la malo a mafumu la 2016, dzina lolembedwa molakwika lingabale mlandu umene adzatsale nawo ndi ana athu.

Ena adzati, bwanji osangokhala ndi makope athu? Yankho lake tonse tinaliona mu 2015, mu 2019, mu 2022 ndi mu Marichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anatipeza. Kope limapita ndi madzi, ndipo limene lapulumuka kumadzi limadyedwa ndi chiswe. Enanso adzati, bwanji osangolemba ndi mabatani a pa galasi la foni? Amene mwayesapo kulemba mayina 200 ndi chala chimodzi, dzuwa likuswa mtengo, mukudziwa mmene msana umapwetekera. Ndiye chifukwa chake pulogalamu yowerenga zolemba pamanja ikukopa anthu.

Mitundu iwiri ya mapulogalamuwa

Tisanapite patali tisiyanitse zinthu ziwiri zimene ogulitsa amakonda kuzisakaniza. Mtundu woyamba ndi uja munthu amalemba pa galasi la foni kapena la tabuleti, ndi chala kapena ndi kacholembera kake. Pamenepo makina amaona mmene dzanja likuyendera: pamene layambira, kumene lakhotera, ndi pamene lanyamuka. Chifukwa cha zimenezi amalakwitsa mocheperapo, ndipo wolemba amaona nthawi yomweyo chimene chatuluka. Mapulogalamu a mtundu umenewu amapezeka kale m'mafoni ambiri. Kampani ya Google inatulutsa yake mu 2015 ili ndi ziyankhulo 82, ndipo makampani a Samsung ndi Microsoft ali ndi awo.

Mtundu wachiwiri ndi uja munthu amajambula chithunzi cha tsamba lolembedwa kale, makina n'kuyesa kuliwerenga. Ntchito imeneyi ndi yovuta kwambiri, pakuti makina saona dzanja likuyenda. Amangoona mizere yakuda, pamodzi ndi dontho la mafuta, mthunzi wa chala cha wojambula, inki yosuluka ndi mizere ya kopelo. Makaundula athu akale amafuna mtundu wachiwiriwu. Motero munthu akationetsa pulogalamu ikuwerenga bwino zimene iye walemba pa galasi, tisafulumire kuomba m'manja. Sanationetse kuti ingawerenge kope la a nyakwawa.

Phunziro la kale

Vuto limeneli ena analilawa ife tisanalote za foni. Mu 1993 kampani ya Apple ya ku America inatulutsa kompyuta ya m'manja yotchedwa Newton MessagePad. Anthu anauzidwa kuti azingolemba monga amalembera masiku onse ndipo makinawo amva. Makinawo ankaona mawu onse pamodzi, n'kusakasaka m'mndandanda wa mawu amene anali nawo kuti apeze ofanana nawo. Akalephera kuwerenga sankavomera kulephera. Ankangosankha mawu ena oyandikira, nthawi zina opanda mutu. Anthu anawaseka mpaka m'zithunzi zoseketsa za m'nyuzipepala. Pambuyo pake anawakonza ndipo anayamba kuwerenga bwino, koma mbiri inali itaipa kale, ndipo mu 1998 kampaniyo inasiya kuwapanga.

Mu 1996 kampani ina, ya Palm, inatulutsa kakompyuta kake kotchedwa Pilot, kokhala ndi njira yolembera yotchedwa Graffiti. Iwo anatembenuza nkhani: m'malo moti makina aphunzire dzanja la munthu aliyense, munthu ndiye ankaphunzira kulemba zilembo m'njira imodzi yosavuta, zambiri mwa izo popanda kunyamula cholembera. Chilembo cha A, mwachitsanzo, chinkalembedwa ngati denga la nyumba, popanda kamzere ka pakati. Makinawo ankawerenga chilembo chimodzichimodzi n'kuchionetsa pomwepo, kotero kuti wolemba ankaona cholakwa chisanapite patali. Kakompyutako kanagulidwa ndi anthu mamiliyoni.

Mapulogalamu a masiku ano apita patali kuposa onse awiriwa, koma phunziro lake silinakalambe. Makina oopsa ndi amene amalota mawu mosadziwitsa mwini wake. Makina othandiza ndi amene amaonetsa msanga chimene amva kuti munthu akonze.

Makina amadziwa dzanja limene anaphunzitsidwa

Pulogalamu yowerenga zolemba imaphunzira poonetsedwa zitsanzo zambirimbiri za manja a anthu. Mulu wina wotchuka wa zitsanzo, wotchedwa MNIST, umene akatswiri akhala akuphunzitsira makina kuyambira m'zaka za m'ma 1990, uli ndi manambala olemba pamanja 70,000, ndipo analemba ndi ogwira ntchito ku ofesi ya kalembera ya ku America pamodzi ndi ana a sukulu za sekondale a kumeneko. Palibe dzanja la munthu wa ku Maseya pamenepo. Mapulogalamu a lero anaphunzitsidwa ndi zitsanzo zochuluka koposa, koma mfundo ndi yomweyo: dzanja limene makina analiona kawirikawiri amaliwerenga bwino, ndipo lachilendo amaliwerenga mopenekera.

Kuonjezera apo, makina akakayika chilembo amafunsa mndandanda wa mawu a chiyankhulo chimene anauzidwa. Ngati anauzidwa Chingerezi, adzakokera mawu athu ku Chingerezi. Ndi zoona kuti Chichewa chinalowa mu Google Translate mu 2014, koma kumasulira mawu otayipidwa ndi ntchito ina, ndipo kuwerenga dzanja la mlembi wotopa ndi ntchito inanso. Kuno kwathu sitiyankhula Chichewa cha m'mabuku chokha. Pali Chimang'anja, pali Chisena, palinso mayina ochokera ku Chipwitikizi monga Zuze, Juwawo ndi Antonyo, amene banja lililonse limawalemba m'njira yake. Dzina la mayi lingayambe ndi Na kapena Nya, ndipo amenewo ndi anthu awiri osiyana.

Taonani mmene mawu athu amapachikikira pa kachinthu kakang'ono. Dzanja lofulumira likalemba u wotsekeka pamwamba, amaoneka ngati a. Pamenepo lipoti lakuti mudzi walandira matumba 20 a mbewu lidzati mudzi walandira matumba 20 a mbewa. Mukuseka, koma ku ofesi adzasindikiza momwemo. Nkhodolero, kachizindikiro kaja timaika pamwamba pa mawu, makina ambiri amakayesa kachitsotso n'kukataya. Ndiye ng'oma ya gule isanduka ngoma ya ku Majete, ndipo m'bale wa womwalira asanduka mbale ya ndiwo. Mawu athu adzaza ndi m, n, u ndi w, zilembo zimene zikatsatizana m'dzanja lolumikiza zimangooneka ngati mafunde. Pa manambala, 1 amafanana ndi 7, 4 ndi 9, 0 ndi 6. Nambala ya chiphaso cha unzika imasakaniza zilembo ndi manambala, choncho S angasanduke 5, B angasanduke 8, ndipo palibe mndandanda wa mawu umene ungathandize makina kudziwa cholondola.

Choopsa kwambiri n'chakuti cholakwa cha makina chimatuluka chitavala suti. Mlembi akakayika amafufuta, amalemba mobwereza, ndipo woyang'ana kope amaona kuti apa panali vuto. Makina amatulutsa zilembo zoyera, zoongoka, zofanana, zolondola ndi zolakwa zomwe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mafunso asanu ndi limodzi

Pa zifukwa zimenezi, ndikupempha komiti ino kuti aliyense wobwera ndi pulogalamu, kaya ndi wogulitsa, kaya ndi bungwe lotifunira zabwino, kaya ndi mwana wathu amene waphunzira za makompyuta, ayankhe mafunso asanu ndi limodzi.

Loyamba: kodi imagwira ntchito popanda netiweki? Mapulogalamu ambiri, makamaka owerenga zithunzi za masamba, amatumiza chithunzicho pa intaneti kuti chikawerengedwe ndi makompyuta akuluakulu a kunja. Pamenepo pafunika netiweki ndi ndalama ya bandulo. Koma nthawi imene timafuna kaundula mwamsanga ndi nthawi ya madzi osefukira, pamene magetsi azima ndipo netiweki yathawa. Pulogalamu imene imagona netiweki ikagona idzatisiya tsiku lomwe tikuifuna.

Lachiwiri, ndipo ili ndilo lalikulu pa onse: kodi imasunga chithunzi cha zolemba pambali pa zilembo zimene yatulutsa, ndipo imasonyeza pamene yakayika? Pulogalamu yabwino imaika mtundu wina pa mawu amene sinawamvetse, kapena imapereka mawu awiri atatu kuti munthu asankhe. Ikatero, mlembi amadziwa poyang'ana. Ikamataya chithunzi n'kusiya zilembo zokha, umboni watayika, ndipo tsiku la mkangano sipadzakhala pobwerera.

Lachitatu: kodi tingathe kuiletsa kukonza mawu payokha, ndipo tingathe kuiphunzitsa mayina athu? Pa kalata wamba, kukonza mawu n'kothandiza. Pa mayina a anthu ndi manambala, n'koononga. Tifune pulogalamu imene ingalandire mndandanda wa midzi yathu, mitsinje yathu ndi mayina a mabanja athu, imene imalemekeza nkhodolero, ndiponso imene sidabwa ikakumana ndi chilembo cha ŵ chimene ena amalemba m'dzina la dziko lathu.

Lachinayi: kodi imasunga nambala iliyonse pamzere wake? Mabuku a banki m'khonde ndi a zopereka za pa mjigo ali ndi mizere yopingasa ndi yotsika. Tsamba likajambulidwa mopendekeka pang'ono, makina angawerenge manambala onse molondola koma n'kuika ngongole ya mayi uyu pa dzina la mayi wotsatira. Gulu limene lasunga ndalama mwamtendere zaka zisanu lingathe kupasuka madzulo amodzi chifukwa cha zimenezo.

Lachisanu: kodi mayina athu akupita kuti, ndipo mwini wake ndani? Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, la 2024, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Mndandanda wa amasiye, wa odwala, kapena wa olandira ndalama si chinthu chotumiza kulikonse chifukwa choti pulogalamu ndi yaulere. Tifunse ngati foni ili ndi nambala yachinsinsi yotsekera, ndiponso chimene chidzachitike ikabedwa. Tifunsenso ngati zimene zalembedwa zingatulutsidwe m'njira yoti kompyuta ya kukhonsolo itsegule. Tonse taonapo ntchito za mabungwe zikutha, galimoto n'kupita, mayina athu n'kupita nawo.

Lachisanu ndi chimodzi: kodi mtengo wake weniweni ndi wotani? Mapulogalamu ena ndi aulere mwezi woyamba, kenako amafuna malipiro a mwezi ndi mwezi m'ndalama zakunja. Ena amayenda bwino pa foni yodula koma amatsimphina pa mafoni amene alembi athu ali nawo. Tiwerengerenso nyengo yathu. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumapitirira madigiri 40. Foni imatentha, batire limatha msanga, chala chimachita thukuta, ndipo galasi silioneka padzuwa. Kacholembera kake kakatayika, tikagula kuti? Tabuleti ikasweka, ikakonzedwa pa Dyeratu, pa Nchalo, kapena mpaka kukwera mapiri a Thabwa kupita ku Blantyre? Walira mvula walira matope. Tiyambe tawerenga matopewo.

Tiyese tokha

Mayankho a pakamwa ndi osakwanira. Munthu sagula ng'ombe ya pangolo atangoiona itagona. Amafuna aione ikukoka. Ndikupereka maganizo akuti tichite mayeso athuathu, ndipo safuna ndalama zambiri.

Tisankhe alembi 10 ochokera m'midzi yosiyana: amayi ndi abambo, achinyamata amene amalemba zilembo zoimirira payokhapayokha, ndi achikulire amene anaphunzitsidwa kulemba molumikiza. Tisasankhe a dzanja lokongola okha, pakuti tsiku la mavuto amalemba ndi amene alipo. Aliyense alembe mayina 50 a kuno kwathu, a Chimang'anja, a Chisena ndi ochokera ku Chipwitikizi, mayina a midzi 20, ndi manambala 20 ongopeka ofanana ndi a chiphaso. Tisagwiritse ntchito manambala enieni a anthu pa mayeso. Tionjezepo masamba angapo a makope akale amene eni ake alola, ena oyera, ena othimbirira. Mayesowo achitike pansi pa mtengo, masana, pa mafoni a alembi athu omwe, netiweki itatsekedwa.

Zotsatira zake tiziike m'milu itatu. Mulu woyamba ndi wa zimene pulogalamu yawerenga molondola. Mulu wachiwiri ndi wa zimene yalakwitsa koma yachenjeza kuti ikukayika. Mulu wachitatu ndi wa zimene yalakwitsa mwakachetechete. Wogulitsa adzafuna kuti maso athu akhale pa mulu woyamba. Ife tiyang'ane wachitatu, pakuti m'menemo ndi mmene muli agogo aja anabwerera chimanjamanja. Pulogalamu yowerenga 90 mwa 100 n'kutichenjeza pa 10 otsalawo ndi yabwino kuposa yowerenga 96 n'kubisa 4. Pa mabanja 500, anayi pa 100 alionse ndi mabanja 20 ogona ndi njala popanda wodziwa chifukwa chake.

Tiyesenso nthawi. Mlembi mmodzi atayipe tsamba ndi mabatani, mnzake aliwerengetse ndi pulogalamu n'kukonza zolakwa zonse. Ngati wokonzayo amaliza pambuyo pa wotayipa, pulogalamuyo sinatipeputsire katundu. Ndipo ngati palibe imene yakhoza mayeso, tisachite manyazi kunena kuti chaka chino sitigula.

Pamene sipafunika kulemba konse

Ndinenenso chinthu chimene wogulitsa sangakuuzeni. Pali malo ambiri amene njira yabwino ndi kusalemba pamanja n'komwe. Chiphaso cha unzika chili ndi kachizindikiro kamadonthomadontho kamene foni imajambula n'kutenga dzina ndi nambala monga zinalembedwera ku kaundula wa boma. Pamene njira imeneyi ilipo, ndipo tili ndi chilolezo choigwiritsa ntchito, palibe chifukwa cholembanso dzinalo ndi dzanja. Kumbukirani kuti tsiku logawa, dzina limene limagwira ntchito ndi la pa chiphaso, ngakhale mudzi wonse utadziwa munthuyo ndi dzina lina. Mapulogalamu a mafomu, monga ODK ndi KoboToolbox, amagwira ntchito popanda netiweki, ndipo amalola mlembi kusankha dzina la mudzi pa mndandanda m'malo molilemba. Dzina losankhidwa silingataye nkhodolero yake. Kuwerenga zolemba pamanja tikusungire kumene kulibe njira ina: zokambirana za pamsonkhano, madandaulo a anthu, ndi makope akale.

Pa makope akalewo, pali ntchito imene tingayambe mawa popanda kugula kanthu. Tijambule tsamba lililonse ndi foni, pamalo owala, tsamba litagona bwino, nambala ya tsamba ikuoneka. Zithunzizo zisungidwe pawiri: kwa mlembi ndi kukhonsolo. Ngakhale makina atalephera kuziwerenga lero, maso a munthu adzaziwerenga, ndipo madzi akadzabweranso adzatenga pepala lokha. Makope enieniwo tisawataye. Tiwasunge m'ndowa ya pulasitiki yokhala ndi chivundikiro, pamalo okwera.

Pomaliza pa mfundo imeneyi, mndandanda uliwonse umene wadutsa m'makina ubwerere kumudzi usanapite kutsogolo. Uwerengedwe mokweza pabwalo, mwini dzina ayankhe, ayerekeze ndi chiphaso chake, ndipo a nyakwawa asainire. Mwambo umenewu tinauzolowera kale posankha olandira thandizo, ndipo palibe pulogalamu imene ingaulowe m'malo. Amene sadziwa kuwerenga amadziwa kumva dzina lake likatchulidwa molakwa.

Pempho langa

Kwa inu a Gogo Chalo ndi mafumu onse, ndikupempha chilolezo chakuti makaundula a m'midzi ajambulidwe, pamaso panu kapena pamaso pa amene mungamutume. Kwa a khansala, ndikupempha kuti mukatifikitsire mafunso asanu ndi limodzi aja kukhonsolo, kuti bungwe lililonse lobwera ndi matabuleti m'dera lino liziwayankha lisanayambe ntchito. Kwa alembi anzanga, bwerani ku mayeso ndi dzanja lanu la masiku onse. Musalikongoletse, pakuti woyesedwa ndi makina, osati inu. Kwa achinyamata amene mafoni mumawadziwa kuposa ife, tikufuna nzeru zanu, koma mukhale pambali pa achikulire amene amadziwa kuti banja ili ndi la yani ndipo dzina lake limalembedwa motani. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa inu amayi ndi abambo, nthawi iliyonse imene dzina lanu lalembedwa, pa pepala kapena pa galasi, pemphani kuti akuwerengereni, ndipo muonetse chiphaso chanu kuti ayerekeze. Musaope kuti muchedwetsa mzere. Safunsa anadya phula.

Agogo aja ndimakumana nawo nthawi zina pa chigayo. Anandikhululukira kalekale, koma akandiona amaseka n'kundifunsa ngati tsopano ndinaphunzira kulemba 1. Ndimawayankha kuti ndikuphunzirabe. Makina amene tidzasankhe nawonso akhale otero: ovomera kuti akuphunzira, ndi olola kuti mwini dzina awakonze.